Galimoto ya Mphini Zitatu

Anyamata a masiku ano akamva galimoto ikubangula pamsewu amatembenuka n'kuiimbira mluzu. Ine ndimaima n'kutchera khutu, chifukwa pansi pa kubangulako pamakhala kamawu kena kakang'ono, ndipo n'kameneko kamanena zoona. Ana anga amandiseka kuti ndimamvera magalimoto a eni ake ngati dokotala womvera chifuwa cha wodwala. Aziseka. Khutu limeneli ndinakalitenga kutali, ndipo linandiuza zonse nthawi ikadalipo, kungoti kudziwa chinthu n'kwina, kupulumutsa munthu n'kwinanso.

Ndinachoka kwathu kwa Mwadzama mbendera itangosintha kumene. Ndinapita selefu, popanda wondilemba ntchito, ndili ndi bulangete limodzi ndi kathumba ka mpunga wokazinga kamene mayi anandimangira. Mayiwo sanandiperekeze mpaka kumsewu. Anaima m'mphepete mwa dimba, khasu lili paphewa, nati, "Ukakhuta usakaiwale njira." Sindinawaonenso.

Ku Halale ndinafikira m'komponi ya amuna okhaokha, chipinda chimodzi anthu osawerengeka, eni nyumba enieni ali nsikidzi. Kumeneko Mnyasalande sankafunsidwa dzina, ankafunsidwa chitupa. Ndinatha miyezi ndikusesa pakhomo pa masitolo ndi kusenza matumba a malasha, mpaka tsiku lina pamsika ndinamva munthu akunyoza nsomba m'Chichewa cha kwathu. Anali atanyamula kansomba kouma ndi zala ziwiri, akufunsa wogulitsa ngati kanafa ndi njala kapena ndi manyazi. Ndinaseka ndekha, iye n'kutembenuka.

"Kaseko kameneka n'ka kunyanja," anatero. "Kwanu n'kuti, achimwene?"

Amenewo anali a Juma, a pa boma pa Nkhotakota, obadwira m'banja la Chisilamu la anthu amalonda. Anali aafupi, okonda kutchena, pakamwa posatseka. Kuyambira tsiku limenelo tinkadya mphika umodzi. Nyama ya nkhumba ndinaisiya osati chifukwa cha chipembedzo, koma chifukwa poto anali wawo. Mwezi wa Ramazani ndinkawasungira madzi m'botolo lokulunga ndi chiguduli chonyowa kuti adzamasulire ozizira, ndipo ine nditagwa ndi chibayo ndi iwo amene anandibereka kumsana mpaka kuchipatala, akundinena njira yonse kuti ndikulemera ngati bwato lonyowa.

Ndi a Juma omwewo amene anandipezera ntchito kugalaja kumene ankagwira. Mwini wake anali mzungu wowonda amene tinkamutcha Kandudu, chifukwa fodya sankachoka pamlomo pake ngakhale ataweramira petulo. Galaja ya Kandudu sinali yodzutsa magalimoto akufa ayi. Kumeneko kunkabwera timagalimoto tating'ono tabwinobwino, toti munthu n'kuyendera mpaka kukalamba nato, ife n'kutipengetsa. Eni ake anali anyamata achizungu amene ankapikisana liwiro Loweruka pabwalo lina kunja kwa tauni.

Ntchito yake inali iyi. Tinkamasula mutu wa injini, chitsulo cholemera chija chimavundikira mapisitoni, n'kuupala pamakina kuti upyapyale pang'ono. Mutu ukapyapyala, moto umaphulikira pamalo opanikizika, ndiye mphamvu imachuluka. Kenako tinkaika makabuleta awiri pamalo pa mmodzi kuti injini izimwa petulo ndi makosi awiri, n'kuchotsanso chitini cha ekizozi chimene chimameza phokoso. Kagalimoto kamene kanalowa kakulira ngati makina osokera kankatuluka kakubangula mpaka magalasi a ofesi kunjenjemera.

Kandudu anali ndi mwambo wake. Akapala mutu, ankatenga panchi ndi hamala n'kukhoma kadontho pakona, kuseri kumene mwini galimoto sangaone. Ife tinkati mphini. Galimoto ikatentha pampikisano mutu n'kupindika, inkabwera kudzapalidwanso n'kulandira mphini yachiwiri. Tsiku lina ndinamufunsa m'Chilapalapa changa chothyokathyoka, chilankhulo cha pantchito kumeneko, kuti timadonthoti n'tachiyani.

"Kamodzi, uyende," anatero akupukuta manja. "Tiwiri, uzipemphera. Titatu, ugulitse kwa munthu wopita kutali."

Anaseka, ifenso tinaseka, poti bwana akaseka wantchito sakhala duu. Koma ine ndinali nditaona kale mathero a magalimoto amenewo. Anzawo osakhudzidwa ankabwera kudzasintha oyilo chaka ndi chaka, eni ake mpaka kumera imvi. Opengetsedwawa ankabwera akukokedwa pachingwe. Ina inafika pisitoni itaboola m'mbali mwa injini, bowo loti nkhonya n'kulowa. Kandudu yemweyo ndiye anandiphunzitsa kuika nsonga ya sikuludiraiva painjini, chogwirira pakhutu, n'kumvera za m'kati. Injini yathanzi imalankhula mawu amodzi. Yopalidwa mopitirira imakhala ndi kamawu kena pansi, ngati misomali ikugwedezeka m'chitini.

Zaka zinapita. Ine ndinkatumiza kwathu mabulangete, nsalu ndi ndalama za malata. A Juma ankatumiza kwa akazi awo a Zainabu, amene anawasiya ali ndi mwana kumsana. Uthenga wa maliro a mayi unandipeza ndili pansi pa galimoto, ndipo unafika manda atamera kale udzu. Kuchokera pamenepo Halale ankangondiwawa. Nkhondo ya m'tchire nayo inali itayamba kununkha, apolisi akusecha m'komponi pafupipafupi. A Juma anati tibwerere, koma osati wapansi.

"Mtchona sabwera ndi sutikesi yokha, achimwene. Anthu ati tinkasesa misewu."

"Ine ndinasesadi."

"Inuyo. Ine ayi."

Kuseri kwa galaja kunali kagalimoto kobiriwira, kosalala, kamene kanapambanapo mipikisano. Mwini wake anali ataitanidwa ku usilikali, ndipo Kandudu ankakagulitsa motchipa modabwitsa. A Juma ankakazungulira nthawi ya nkhomaliro ngati mnyamata wofuna mbeta. Ndinatsegula boneti n'kupukuta pakona paja ndi chala. Mphini zinali zitatu.

"Achimwene, munthu wopita kutali uja ndinu," ndinawauza.

"Mwamva mmene ikulirira?"

"Ndamva. Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika."

"Nanga inu ndikukutengerani chiyani? Kukadya mpunga wanga basi? Mukaisamala. Kandudu amadziwa kupengetsa, inu mumadziwa kunyengerera."

Ndinakwiya, ndinatha masiku osawalankhula. Koma munthu wodya naye mphika umodzi sukwiya naye nthawi yaitali, njala imakuyanjanitsani. Anagula. Tinamanga masutikesi padenga, n'kuoloka Zambezi pa pantoni ku Tete, tikuyenda pakati pa malole a asilikali. Njira yonse ine maso anali pa singano ya kutentha. Pa Mwanza, tisanafunsidwe za ulendo, achinyamata a malaya ofiira anatifunsa makadi a chipani. Tinagula pomwepo, a Juma n'kumetedwanso tsitsi chifukwa linali litakhudza kolala.

Kwathu ndinapeza anthu ataphunzira kulankhula chapansipansi. Mng'ono wanga amene ndinamusiya akukuwa pabwalo la mpira, tsopano ankayamba wayang'ana kukhomo asananene ngakhale za mtengo wa mpunga. Ankati uje anapita, osanena kumene anapita, ndipo ukafunsitsa ankadzuka kukakutungira madzi akumwa. M'dziko la anthu onong'ona chotero ife tinalowamo ndi galimoto yomveka midzi ingapo. Ana ankatithamangira, akuluakulu ankangoyang'ana ali m'makhonde. Ine mantha anandigwira tsiku loyamba lomwelo, ngakhale sindinkadziwa chimene ndinkaopa.

Mmodzi amene anakondwa ndi phokosolo anali a Zainabu. Kumtunda kwa mudzi wawo kunali kamlatho kamatabwa, ndipo ankati galimoto ikafika pamenepo amaimva ali kuseri kwa nyumba. Ankasiya chilichonse n'kuika ketulo pamoto. A Juma akamazimitsa injini pabwalo, tiyi ali tayale pamkeka, madzi osamba ali kubafa.

"Zaka zonse zija ndinkadikira munthu wosamveka, alamu," anandiuza tsiku lina. "Tsopano ndimamumva asanafike. Wotchi yanga ndi imeneyi."

Ine ndinatsegula kashedi kokonzera njinga ndi injini za maboti pafupi ndi msika. A Juma ankanyamula chambo ku Chia kupita nacho kumtunda, nthawi zina usipa wa ku Ngala, odwala opita kuchipatala, akwati pa tsiku la ukwati. Kagalimotoko kankauluka ndithu, zimenezo sindingakane. Kankadutsa basi ngati yaima. Tsiku lina a Juma anamudutsa wogulitsa nsomba wina ali panjinga n'kumusiya m'fumbi lokhalokha, munthuyo mpaka kutsika kukatsokomolera m'mbali mwa msewu. Lachisanu akatuluka kumzikiti ankakhala m'tiyirumu n'kumauza anthu kuti amachoka pa Chia tiyi akuthiridwa n'kufika pa boma asanazizire. Anthu ankawonjezera zawo, mbiri n'kumakula.

Koma petulo wa kwathu anali wa m'migolo, nthawi zina wonunkha palafini, ndipo injini yopalidwa imafuna petulo wabwino ngati mmene wodwala m'mimba amafunira phala losalala. Fumbi nalo linkalowa m'makosi awiri aja ngakhale ndinkawamanga nsalu. Mvula zingapo zitadutsa, misomali ija inayamba kumveka popanda sikuludiraiva. Madzi a mu ladiyeta anayamba kutulutsa thovu. M'mawa wina ndinasolola chitsulo choyezera oyilo n'kupeza oyilo atasanduka ngati tiyi wamkaka. Ndinawaitana a Juma kushedi n'kuwaonetsa.

"Mutu wapindikanso. Wopala palibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, chitsulo chopala chinatha. Chatsala n'kuibweza."

"Kuibweza bwanji?"

"Ndisema gasiketi yokhuthala ya mkuwa kuti ibwezeretse pamene panapalidwa. Ndichotsa kabuleta mmodzi. Moto ndiubweza m'mbuyo. Ikhala zaka, koma kuthamanga kwatha. Ndiikanso chitini cha ekizozi, izilira ngati zinzake."

A Juma anayang'anitsitsa oyilo uja.

"Chitani zonsezo," anatero, "koma mawu musakhudze."

"Mawuwo akhala bodza, achimwene."

"Bodza lake n'langa. Munthu akakalamba samumeta ndevu."

Ndinachita monga ananenera. Kagalimotoko kanafatsa, kanafooka kuposa tinzake tosakhudzidwa, koma kanasiya kuwira ndipo kankadzuka m'mawa uliwonse osavuta. Kubangula kokha kunali komwe kuja. A Juma anaphunzira kubisa. Podutsa pamsika ankaika giya yaing'ono kuti kakuwe mpaka nkhuku kubalalika, akafika kopanda anthu n'kumayenda ngati ngolo. Akanyamula anthu ankati akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha maenje, kapena chifukwa cha mayi woyembekezera amene wakhala kumbuyo. Anthu amakhulupirira khutu kuposa diso. M'tiyirumu nkhani ya tiyi wosazizira inkapitirira, ndipo tinkadziwa zoona zake tinali anthu awiri okha.

Wogulitsa nsomba wa panjinga uja anadzakhala tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani. Sanali munthu woipa. Ankaswali mzikiti umodzi ndi a Juma, ndipo udindowo unali utawaondetsa ndi mantha. Anabwera kushedi masana ena m'nyengo yotentha, nthawi imene mango amayamba kupsa, ife tili pansi pa mthunzi. Anati mawa lake kuli msonkhano waukulu ku Kasungu, kukubwera mlendo wamkulu, ndipo nthambi iliyonse ikaitanidwa ndi dzina pamaso pa anthu kuti ikapereke mphatso yake. Yathu inali mpunga.

"Lole ya anthu yanyamuka kale," anatero. "Mpunga sunathe, amayi akusankhabe kuti musapezeke ngakhale kamwala kamodzi. Ndawauza kuti atsogole. Ife tinyamuka mawa pa yanu ija, a Juma. Si imauluka?"

A Juma anamwetulira.

"Inshaallah, a Tcheyamani."

Atangochoka ndinawagwira mkono.

"Atsatireni mukawauze zoona. Apeze njira ina nthawi ikadalipo."

"Njira iti? Magalimoto onse apita. Ndikanena lero kuti ikudwala, ndiye kuti ndakana chipani. Lachisanu lomweli anali nane m'tiyirumu, anamva zimene ndimanena." Anayang'ana galimoto, kenako ine. "Ibwezereni mphamvu zake."

"Ndingathe. Ithamanga mpaka phiri loyamba n'kuphulika pakati pa nkhalango, mpunga n'kudyedwa ndi njovu. Mmene ililimu ikafika, koma mochedwa. Sankhani."

"Ifike," anatero. "Tinyamuka tambala woyamba."

Tambala analira ife tili okonzeka, madzi ali m'zigubu, matayala nditawapopa. Koma matumba anali asanasokedwe. Atasokedwa, panafunika kuwakulunga m'nsalu zatsopano. Kenako tinadikira mayi wamkulu wa amayi a chipani, amene ankasita chitenje chake. A Juma akati afulumizitse, a Tcheyamani ankangoseka.

"Mukuopa chiyani, a Juma? Enawo atsogola ndi fulu, ife tili ndi mphamba."

Tinanyamuka dzuwa litakwera kale. Matumba anali padenga, m'buti, ena pamiyendo pathu. A Tcheyamani anakhala kutsogolo, ine ndi mayi uja kumbuyo, chigubu cha madzi chili pakati pa mapazi anga. Galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. A Zainabu anaima pakhomo n'kuuza amuna awo kuti akawamvera pa kamlatho.

Msewu wa ku Kasungu umakwera kudutsa m'nkhalango ya nyama, mitunda yokhayokha. Pachigwa zinthu zinayenda bwino, phokoso linkabisa zonse. Titayamba kukwera, injini inkabangula mpaka mbalame kuuluka m'mitengo, koma mitengoyo inkadutsa pang'onopang'ono ngati anthu opita kumaliro. A Tcheyamani anayang'ana kunja, anayang'ana dzuwa.

"Pondani, a Juma."

"Ndaponda. Onani phazi langa."

"Phazi ndikuliona. Koma sitikuyenda."

"Katunduyu walemera, a Tcheyamani."

"Nsomba sizilemera?"

Ine ndinkamvera pansi pa phokoso, ndipo misomali kunalibe. Injini inali bwino, inkachita zonse zimene ndinaiphunzitsa. Sindinadanepo ndi ntchito ya manja anga monga tsiku limenelo.

Pamtunda wina waukulu singano inakwera, ndipo tinaima kuti izizire. Ladiyeta yotentha sutsegula msanga, umadikira. Tinadikira m'nkhalango muli zii, ntchentche zoluma zikutizungulira, mayi uja akupemphera chamumtima milomo yokha ikugwedera. Pamtunda wotsatira tinatsika tonse n'kumayenda pambali pa galimoto, ine ndikukankha. A Tcheyamani malaya awo oyera anali atamatirira kumsana. Ndipamene analankhula, mosakweza mawu, osayang'ana munthu.

"Tsiku lija munandidutsa ndili panjinga, ndinatsokomola fumbi lanu mpaka kunyumba. Pamenepo munanyamula chambo chanu. Lero mwanyamula za chipani."

"A Tcheyamani, galimotoyi inadwala kalekale. Ndinkangobisa."

"Inadwala liti? Lachisanu inali bwino."

Ndinati ndilankhule, a Juma n'kundiyang'ana pagalasi ndi diso limene linanditseka pakamwa.

Tisanafike pabwalo tinayamba kukumana ndi anthu akubwerera, amayi atamanga zitenje zofanana, ana atanyamula timbendera. Ng'oma zinali zitaleka. Tinamva pambuyo pake kuti dzina la nthambi yathu linaitanidwa pa chimkuzamawu, n'kuitanidwanso, osaoneka woimirira. Ife tinalowa pamenepo tikubangula, aliyense n'kutembenuka.

Achinyamata a malaya ofiira anatizungulira tisanatsike. Ena anali a kwathu komwe, ana amene ankathamangira galimotoyi tikufika kumene kuchokera ku Halale. Wamkulu wawo anafunsa a Tcheyamani chimene chawachedwetsa. Ndinaona munthu akufunafuna pothawira, ndipo pothawira pake panali pamodzi pokha.

"Galimotoyi mukuidziwa nonse," anatero. "Afunseni eni ake chifukwa chake lero yayenda ngati ngolo."

A Juma anafotokoza kuti injini inafooka. Wamkulu uja analowetsa mwendo m'galimoto n'kuponda. Inabangula mpaka anthu akutali kubwerera m'mbuyo.

"Yodwala imalira chonchi?" anafunsa anzake. Iwo anaseka.

Ndinathamangira kutsogolo n'kutsegula boneti. Ndinkafuna kuwaonetsa mphini zija, gasiketi ya mkuwa, pamalo pamene panali kabuleta wachiwiri. Ndinali nditayamba kunena kuti ndine ndinaibweza ndi manja angawa, pamene a Juma anandimenya padzanja n'kutseka boneti mwamphamvu.

"Choka apa, iwe," anatero mokweza kuti onse amve. "Uyu ndi wothira madzi, mabwana. Ndinamutola pamsika. Sadziwa ngakhale pamene pamakhala pulagi. Galimoto ndi yanga, woyendetsa ndine."

Zaka zonse za ku Halale ndi za kwathu, anali asananditchulepo iwe. Achinyamata aja anandikankhira kumbali ngati thumba lopanda kanthu. A Juma anawakweza m'galimoto ya boma yotseka kumbuyo. Asanalowe anaponya makiyi pansi, pafupi ndi mapazi anga, osandiyang'ana.

Mpunga anautsitsa. A Tcheyamani ndi mayi uja anabwerera pa lole. Ine ndinabwerera ndekha mawa lake, ndipo kagalimotoko, popeza kanali kopepuka, kanayenda bwino osatentha ngakhale pang'ono. Ndinakatukwana njira yonse, ndikulira.

Nditayandikira mudzi ndinakumbuka a Zainabu. Ndinazimitsa injini ndisanafike pa kamlatho kaja, n'kutsika kuti ndizikankha, dzanja limodzi pachiwongolero. Ndinkati ndifike mwakachetechete, ndiyambe ndapeza akuluakulu oti akanene nawo. Koma m'nyengo yotentha mawu amayenda kutali. Ndinawapeza ataima m'mbali mwa msewu, ketulo ili m'manja ikutuluka nthunzi, akumwetulira. Anaona galimoto ikubwera yosalira. Anaona amene akuikankha. Anayang'ana pampando wa dalaivala nthawi yaitali. Anaika ketulo pamchenga n'kukhala pansi pambali pake.

Tinafunsa za a Juma kumene tinkatha kufunsa, mpaka munthu wina wachifundo anatiuza kuti tisiye kufunsa. Ena ankati anawaona kundende ya kumapiri, ena ankati kumwera. A Tcheyamani ankati akationa panjira amakhotera kwina, ndipo sanakhalitse, anadwala n'kumwalira. Thupi la galimoto linadyeka ndi dzimbiri pabwalo pomwepo, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Injini ndinaichotsa n'kuikhazika pamitengo kuseri kwa nyumba ya a Zainabu, ndinailumikiza ndi lamba ku makina opunthira mpunga, kuti iwo ndi ana azipeza chakudya.

Kandudu ankati ya mphini zitatu ndi yogulitsa kwa wopita kutali. Imeneyi ndaisintha malingi a mapisitoni ndi mapulagi kangapo, koma ikuyendabe. Yaposa a Tcheyamani, yaposa chipani chimene, ndipo ndikhulupirira kuti yaposa ndi Kandudu yemwe. Injini yopengetsedwa ukaibweza msanga n'kumainyengerera imakhalitsa. Zimenezo ndinkazidziwa, ndipo zinali zoona. Sizinathandize munthu amene ndinkafuna zimuthandize.

Tsiku loyamba kuiliza pamakina aja ndinabwera ndi chitini cha ekizozi chimene ndinapanga ndekha kushedi. A Zainabu anandipeza ndikuchiyeza.

"Chimenecho n'chachiyani, alamu?"

"N'chomeza phokoso. Kuti isamakukumbutseni."

"Musaike."

"Ikusowetsani mtendere, alamu. Tsiku lililonse muzimva ngati akubwera."

"Musaike," anateronso. "Akawatulutsa adzabwera wapansi, ndipo mudzi wasintha. Adzamve ali kutali kuti kwawo kukadali anthu."

Chitinicho chili padenga la shedi yanga mpaka lero, chinachita dzimbiri osagwira ntchito. Andende ena anatuluka zinthu zitasintha, tinapita kukaima pamsewu, koma a Juma panalibe. Nyengo ya mpunga ikafika ndimapitabe m'mawa kukailiza injiniyo. Ndimaika sikuludiraiva pakhutu, misomali kulibe. Ikangobangula, a Zainabu, amene tsopano amayenda ndi ndodo, amadzuka pakhonde n'kukaika ketulo pamoto.